Madontho Asanu Pansi pa Lilime

Rosettenville, Joni
17 Setembro 2023

Okondedwa amake Edna,

Moni wachikondi ukupezeni kumeneko ku Chidzolomondo. Mwadzuka bwanji inu ndi mwana wathu Edna? Nanga amayi anu, mwendo uja ukuwalola kufika kudimba? Ine kuno ndili bwino, Mulungu akusunga.

Kalatayi ikubwera ndi a Cipriano pa lole yawo, monga mwa masiku onse. Mwandifunsanso kuti bwanji ndimalemba makalata ngati munthu wa nthawi ya atsamunda, chikhalirecho dziko lonse lili ndi telefoni m'thumba. Yankho mukulidziwa. Redi ya telefoni kwathuko imagwira pakhonde la loja ya a António pokha, ndipo munthu ukayamba kuyankhula pamenepo ngakhale nkhuku zimaleka kutola n'kumatchera khutu. Ine mawu a mkazi wanga sindigawana ndi anthu odzagula sopo.

Nkhani ya ukwati wa Edna ndi Isac yandikondweretsa, moti Dona Doroteia, abwana anga eni loja ya ndiwo zamasamba pano, adandifunsa ngati ndatola chikwama pamsewu. Isac ndikumudziwa, ndi mphunzitsi waulemu, ndipo bambo ake tidaimbira limodzi kwaya. Agosto wa chaka chamawa, fodya atagulitsidwa, ndi nthawi yabwino. Tsono imvani ichi, muchimange pansonga ya chitenje: paukwati umenewo ndikubwera, ndipo kuno sindidzabwereranso. Zaka zisanu zakwana. Ndatopa kudya ndekha ngati mfiti.

Chandiwawa n'chimodzi, chakuti ankhoswe akhala achimwene anu a Arlindo. Ndikudziwa, malume a mwana ndi iwowo, ine ndine mkamwini chabe wochokera ku Ntengo-Wambalame, ndidafika pamudzi panupo ndi khasu ndi bulangete. Koma munthu wodulidwa mumpingo chifukwa cha chamba akaimirire mwana wa mkulu wa mpingo? Pronto, ndasiya. Ndisakukwiyitseni tsamba loyamba lomwe.

Nazale ya fodya muzithirira m'mawa ndi madzulo, udzu wophimbira musachotse msanga, dzuwa la Outubro silichita manyazi. Tekiniko wa kompanyia ya fodya akabwera pa mota yake mumuuze kuti matumba a adubu, fetereza uja, afike mvula isanagwe, osati ngati chaka chatha pamene adafika masamba atayamba kale chikasu. Ndatumiza mafuta ophikira, nsapato za Edna, ndi kandalama kogulira malata anayi otsala aja. Chitenje chobiriwiracho ndi chanu. Musachisunge m'bokosi kudikira maliro, muchivale.

Mbatatesi kuno zakwera, kathumba ka makilo khumi kafika 130 randi, koma kukoma kwake ndi kwa chinkhupule. Ndimawauza ogula kuti akadalawa za ku Tsangano akadasamuka mawa lomwe. Amangoseka, amayesa ndikunama.

Mimba yokha ndiyo ikundichita mwano masiku ano. Ndikuganiza ndi madzi a m'mipopi. Si nkhani yoti muitengere kwa amayi.

Ndine wanu wa kale ndi kale,
Armindo

29 Outubro 2023

Amake Edna okondedwa,

Ndikhulupirira muli bwino nonse. Kuno mvula yayamba ndi matalala, ine ndilipo.

Kalata yanu ndalandira, ndipo ndaiwerenga kanayi, kawiri ndikuseka, kawiri ndisakuseka. Ndiye a Cipriano akuuzani kuti ndatha ngati nzimbe yotafunidwa? Munthu ameneyo ntchito yake ndi chiwongolero, za kuyeza anthu adaphunzira kuti? Ndipo inu mwafunsa mosapsatira kuti kodi kuli mkazi amene akundidyetsa zoipa, kapena ndatenga matenda aja a masiku ano. Joaquina, nkhope yangayi mukuidziwa. Idapeza mkazi kamodzi kokha, ndiponso mwa chisomo. Akazi a ku Joni akandiona amafunsa mtengo wa kabichi basi.

Koma kuonda ndaonda, sindikana. Ndidakwera pa balansa yoyezera mbatatesi Dona atatuluka, ndipo idati makilo 57. Ndidabwera kuno ndili 68. Lamba ndaboola mabowo awiri atsopano ndi msomali.

Kumsika waukulu kokapikula ndiwo ndaleka kupita. Ulendo wake ndi wautali ndipo panjira palibe poima, mundimvetse. Dona andiika kuseri kosankha tomato, pafupi ndi chitseko cha chimbudzi. Sindidawapemphe, adangoona okha. Mayi ameneyu pakamwa ndi tsabola koma mtima ndi wabwino. Ku farmasiya adandipatsa mapiritsi a kamwazi, ndamwa onse, ndiye tidikire.

Mizere ikhale itatha mvula isanakhazikike. Powokera fodya musadzithyole msana nokha, itanani amayi anzanu a chigwirizano, muwakonzere thobwa. Mbuzi ziwiri zonenepa zija musagulitse ngakhale wina abwere ndi mawu okoma bwanji, ndi za ukwati. Katundu mwezi uno wachepa, shuga ndi sopo basi, chifukwa masiku ena sindidagwire ntchito. Mwezi wamawa ndidzakonza.

Dzulo padabwera mayi wina kudzagula nyemba, atasenza dengu osagwira ndi manja, akuyenda mothimbwidzika ngati mmene mumayendera inu popita kumsika. Ndidamupimira mopitirira, Dona n'kundikalipira. Mlandu umenewo ndi wanu. Sawudadi zandigwira, ndakusowani zedi.

Wanu,
Armindo

10 Dezembro 2023

Okondedwa amake Edna,

Muli bwanji kumeneko? Ine lero sindinena kuti ndili bwino, chifukwa bodza limeneli landitopetsa.

Mwezi watha a Cipriano adafika chimanjamanja ndipo mudadandaula. Ndidali m'chipatala masiku khumi ndi limodzi, ndipo ndidawalumbiritsa kuti asanene. Ndikhululukireni. Ndidagwa pa loja ndikunyamula thumba la anyezi, n'kudzidzimuka ndili pabedi, botolo la soro likudonthera pamkono. Magazi adali atatha m'thupi, adachita kundithira ena. Chiyambire Julho ndakhala ndikutaya magazi pochita chimbudzi, kakhumi patsiku, tsiku lina kakhumi ndi kasanu, m'mimba mukupota ngati munthu akufinya chovala chochapa. Tsiku lina m'takisi sindidathe kudzigwira. Anthu adatsegula mawindo. Ndidatsika n'kuyenda wapansi mpaka kunyumba ndikulira, bambo wa zaka makumi asanu. Izi sindidauzepo munthu, ndinu oyamba.

Madotolo adalowetsa kapaipi kokhala ndi diso m'matumbo, njira yake musandifunse. Adapeza zilonda m'thumbo lalikulu. Dzina la matendawa akuti kolite. Tsono mvetsani bwino. Si matenda aja mumaopa, adandiyeza kawiri. Si khansa. Sapatsirana. Ndiponso palibe munthu wandilodza, musapite kwa asing'anga, musatchule dzina la wina aliyense, ndikuwadziwa amayi anu. Dotolo wake, mtsikana wa msinkhu wa Edna, adati ndi thupi langa lomwe likulimbana ndi matumbo ake, ngati galu woluma mwini. Akuti matendawa satheratu. Amagona, n'kudzadzukanso.

Dona ankabwera tsiku lililonse ndi msuzi wa mbatatesi. Pabedi loyandikana nane padali mkulu wina wa dziko lakwathu, wa ku chigawo cha Gaza, wogwira ntchito m'migodi chiyambire unyamata wake, amene palibe ndi mmodzi yemwe adabwera kudzamuona. Ndinkagawana naye msuziwo. Ndikamuyang'ana ndinkadziona ndekha zaka khumi zikubwerazi, ndipo sizinkandisangalatsa.

Ndikumwa mapiritsi asanu ndi atatu patsiku. Magazi achepa kutuluka, koma kupota kudakalipo, ndipo chakudya ndikangochiona ndimachita nseru. Tulo palibe. Balansa ikuti 49.

Ndikuopa, Joaquina. Si imfa kwenikweni, koma kubwera kwanuko ndili chonchi, kudzakhala katundu pamsana panu, bambo wothamangira kuseri ukwati wa mwana wake uli mkati.

Edna mumuuze kuti ndi zilonda za m'mimba, zokwana. Fodya mwawokera? Mundiuze ngati wagwira. Pa Natale muphe tambala wofiira uja, musadikire ine.

Mwamuna wanu,
Armindo

14 Janeiro 2024

Amake Edna,

Moni wa chaka chatsopano kwa nonse. Kalata iyi mukawerengere kumunda, osati pakhonde, ndipo mukatha muibise kumene mumabisa zinthu zanu, kumene ngakhale ine sindikudziwa. Muli kumundako muone fodya, muthene msanga maluwa asanatuluke.

Poyamba nkhani yabwino. Ndikudya. Lachitatu ndidamaliza mbale ya mpunga ndi ntchafu ya nkhuku, n'kupempha ina. Ndikugona mpaka kucha. Balansa yati 53.

Tsopano nkhani yovuta. Dona ataona kuti mapiritsi aletsa magazi koma ine ndikungofota, adanditengera kwa dotolo wina wa matumbo, wolipira. Bamboyo adawerenga mapepala anga, n'kunena kuti pali mafuta ena othira pansi pa lilime amene amathandiza anthu ena pa ululu, tulo ndi chilakolako cha chakudya. Ndidafunsa kuti mafuta a chiyani. Adati a chamba.

Ndidaimirira n'kutenga chipewa. Ndidati, "Pepani adotolo, ine ndine mkulu wa mpingo." Dona adandikoka malaya nati, "Khala pansi Armindo. Ndiwe mkulu wa mpingo wa makilo 49. Ukafika 40 mpingo wakowo udzakuimbira nyimbo yokoma kwambiri, iwe osaimva."

Ndidakhala. Dotolo adalongosola kuti kuno lamulo limalola ngati pali pepala la dotolo, kuti si zosuta, ndi mafuta oyezedwa mphamvu yake, madontho asanu madzulo basi. Adanenetsa kuti zilonda zija mafutawa sapoletsa, mapiritsi ndisasiye ngakhale tsiku limodzi, ndiponso kuti anthu ena sawathandiza n'komwe. Kabotolo kake n'kochepa ngati chala chachikulu. Kadakhala masiku atatu pawindo, ine ndikukayang'ana, iko kakundiyang'ana. Tsiku lachinayi ululu udandipinda pakati, ndidapemphera n'kutsegula.

Masiku oyamba kadandipatsa chizungulire ndi kuuma kukamwa. Koma sindidavule malaya pamsewu, sindidaseke ndekha, sindidaone ng'ombe zikuuluka, zonse zija ndinkalalikira achinyamata. Ndidangomva njala, njala yeniyeni, ndipo ndidalira nayo chifukwa ndidali nditaiwala kuti imamveka bwanji.

Mukudziwa chimene chikundisowetsa mtendere. Zaka zisanu ndi ziwiri zapitazo ndidazula chamba m'chimanga cha achimwene anu, n'kusenza mtolo pamutu Lamulungu m'mawa mpaka pakhomo la kachisi, anthu onse akuona. Inu mudandigwira mkono panjira kuti tikambe kaye pabanja, ine ndidakankha dzanja lanu. Adadulidwa tsiku lomwelo. Chaona mnzako chapita, mawa chiona iwe, akuluakulu sadaname. Komabe changa ndi cha pepala la dotolo, chawo chidali chosuta pachulu. Si chimodzimodzi. Ndikuganiza kuti si chimodzimodzi.

Chotsiriza ndi ichi, ndipo chikundiwawa kulemba. Ndidafunsa ngati ndingatenge mabotolo angapo pobwera kwathu. Dotolo adapukusa mutu. Pepala lake limathera pa fronteira, pamalire a dziko lino, ndipo ine ndili ndi mafronteira awiri, wa Zimbabwe ndi wathu. Kwathuko ndi mlandu, kaya mafuta kaya masamba. Ku ukwati ndidzabwera ndithu, sabata imodzi ndingapirire. Koma zokhaliratu ndidalonjeza zija, amake Edna, tiyeni tizione kaye. Musaganize kuti mkamwini wayamba kuterereka ngati mlamba. Ndi mimbayi.

Ngati ndakunyansani, nenani. Ndidzamva.

Armindo wanu

25 Fevereiro 2024

Joaquina,

Moni ndipereka pamapeto, nkhaniyi siyodikira.

Kalata yanu idayamba bwino. Pamene mudalemba kuti chimene chadyetsa mwamuna wanu mpunga inu simungachitukwane, ndidapita kuseri kwa mabokosi kukapukuta maso. Kenaka ndidafika kumunsi kwa tsamba. "Za mankhwala anu musade nkhawa, tadzala. Mitengo khumi ndi iwiri, pakati pa fodya kumunsi kwa chulu. Mbande andipatsa achimwene. Pofika Agosto idzakhala itauma, mudzakhale kwanu."

Mayi inu! Mwachita chiyani? Ndikulemba nditakhala pa thumba la anyezi.

Zulani. Tsiku lomwe mwalandira kalatayi, musadikire mawa. Musatenthe, utsi wake udzaitana mudzi wonse, mukumbe dzenje mukwirire. Mafuta anga amapangidwa ku fabrika, dontho lililonse limayezedwa, si masamba owiritsa mumphika ngati chisoso. Ngakhale mitengoyo ikadakula bwanji sindikadaigwiritsa ntchito. Ndipo mwaiwala tekiniko? Munthu amene amayenda mzere ndi mzere ndi kabuku m'manja kuwerenga fodya, mukuganiza kuti sangasiyanitse tsamba la fodya ndi tsamba la zala? Akaona ayenera kukanena, ndi ntchito yake. Adzakutengerani ku komando ya apolisi ku Furancungo, inu a bulauzi yoyera ya chigwirizano. Pa telefoni ya pa loja sindingathe kunena izi, chifukwa chake mukuchidziwa. Ndawapempha a Cipriano kuti asachedwe ku Tete, afike nayo msanga.

Ndakalipa, ndikudziwa. Koma ndikaganiza kuti mudayenda mpaka pakhomo pa a Arlindo, pamene simudapondepo zaka zonsezi chifukwa cha ine, kukapempha chinthu chimenechi chifukwa cha ine yemweyo, ukali umandithera. Palibe munthu adandikondapo mopusa chonchi. Kodi iwo adati chiyani? Adaseka? Akaseka sindingawadandaule.

Zulani, chonde. Moni kwa Edna ndi amayi. Ine ndili 56.

Armindo

7 Abril 2024

Okondedwa amake Edna,

Ndikhulupirira kalatayi ikupezani mutayambanso kudya, chifukwa a Cipriano akuti mwatha kuposa ine. Ine thupi lili bwino. Mtima ndiwo ayi.

Zonse ndamva, za m'kalata yanu ndi zimene a Cipriano adaonjezera. Musadzitukwane. Mwalemba kuti kalata yanga idafika nthawi yabwino, kuti mudapita ndi khasu kawiri n'kubwerera, chifukwa mukaiyang'ana mitengoyo mumaona ine nditakhala pakhonde. Ndingakukalipireni bwanji pamenepo? Wolakwa ndi amene adalonjeza kubwera kenaka n'kuyamba chibwibwi.

Ndiye tekiniko adaiona pobwera kudzayendera zigafa, ndipo mawa lake kudafika apolisi awiri. Chimene sindikutha kuchimeza ndi cha achimwene anu. A Cipriano andiuza mawu awo onse, akuti mudzi wonse ukuwabwereza. Akuti apolisi akukufunsani dzina, iwo adatulukira ndi khasu paphewa nati, "Musiyeni mlongo wangayo, fungo lake lomwe salidziwa. Munda uwu ndi wa mbumba yanga, mwini wake ndine, wadzala ndine. Wa chamba pamudzi pano ndani? Funsani aliyense. Funsani alamu anga ali ku Joni, adachita kundisenzera mtolo mpaka kukachisi." Ndipo anthu adavomera kuti eya, n'zoona, wa chamba ndi Arlindo. Apolisi sadafunsenso zambiri, adangowatenga iwowo.

Manyazi amene ndidawaveka ine ndi amene iwo adafunditsa mkazi wanga. Masiku asanu ndi anayi m'chitokosi, munthu wa chifuwa chake chija, ndipo ngakhale awatulutsa, mlandu ukadali kutsogolo ku tiribunali. Mwati Edna adakagona kwa anzake ku Furancungo kuti azikapereka chakudya kwa malume ake. Mwanayo watenga mtima wa kwanu, osati wanga.

Dzana ndalandira kalata ya akulu anzanga a mpingo. Akundiyamika. Akuti ndidaona patali, akuti munthu uja sadzasintha, ndipo akuti ndikambe nanu tipeze nkhoswe wina chifukwa a kwa Isac ayamba kung'ung'udza. Ndidaiwerenga kabotolo kali patebulo pomwepo. Sindidayankhe. Cholembera ndimachigwira n'kuchisiya.

Ndidawauza Dona zonse. Adangoti, "Mlamu wakoyo ndi mwamuna," n'kupitiriza kulongedza mazira. Mawu ochepa, koma akundilasa mpaka lero.

Fodya musamusiye aonongeke m'chigafa chifukwa cha misozi, musankhe ndi kumanga monga mwa masiku onse. Ndatumiza jekete lochindikala ndi mankhwala a chifuwa. Mukapereke kwa achimwene. Musanene kuti zachokera kwa ine. Kapena nenani. Kaya, muone inu.

Ndipatseni masiku pang'ono.

Wanu,
Armindo

5 Maio 2024

Okondedwa amake Edna, mkazi wanga,

Moni kwa inu, kwa Edna, kwa amayi, ndi kwa alamu anga a Arlindo. Mzere uwu mukawawerengere mokweza, amve kuti dzina lawo ndalilemba ndi dzanja langa.

Iyi ndi kalata yotsiriza, chifukwa pa ulendo wotsatira wa a Cipriano katundu wake ndine. Tinyamuka pa 14, ndipo Mulungu akalola pa 17 ndidzakhala nditafika. Mlandu mwati uli pa 21. Ndidzakhalapo. Agosto ali kutali kwambiri.

Ndikubwera ndi mapepala onse a chipatala, Dona andimasulira m'Chipwitikizi. Ndikaima pa tiribunali ndidzanena kuti mitengo ija idadzalidwa chifukwa cha matenda anga ndi kalata yanga, ndipo si bodza. Dzina lanu silidzatuluka pakamwa panga. Kaya zidzawapeputsira mlandu kaya ayi, sindikudziwa, ine malamulo sindidaphunzire. Koma asakaime okha ngati munthu wopanda abale.

Kalata inayo ndi ya abusa. Sindidaimate dala, muyambe mwawerenga inu. Ndalembamo za kabotolo, ndi kuti mpando wa ukulu aupereke kwa wina ngati aona kuti n'koyenera. Ndalembamonso kuti nkhoswe wa Edna ndi malume ake, wina palibe. A kwa Isac akafuna kung'ung'udza adzang'ung'udze pamaso panga.

Dotolo sadakondwere koma sadandiletse. Wandipatsa mapiritsi a miyezi itatu ndi kalata yopita nayo kuchipatala ku Tete, ena azidzabwera ndi a Cipriano. Madontho wati ndichepetse pang'onopang'ono. Ndidatsika pa atatu, tsopano ndili pa limodzi, Lachisanu ndisiya. Kabotolo katsala kuno. Dona adandikalipira tsiku lonse kuti ndine chitsiru, poweruka n'kundigulira matewera a akuluakulu oti ndivale paulendo. Inde, matewera. Mukauza munthu ndidzakana.

Pezani munthu akumbe chimbudzi china pafupi ndi nyumba, chakale chija chili kutali ngati ku Tete. Nyemba, mkaka ndi tsabola sindidya, musadzakhumudwe nditabweza mbale. Nkhuku musaphe tsiku lofikalo, chifukwa ndikatsika ndiyamba kwa alamu, ndipo sindikudziwa kuti ndikaima nthawi yotani pakhomo pawo ndisanapeze mawu.

Kupota kwayamba kale kugogoda, sindikubisirani. Dzulo ndidasiya chakudya pakati. Mwina makilo ndidapezawa adzatha, mwina mudzatopa nane ndi kuchapa. Ndaziganizira zonsezi. Kuno ndikadanenepa ndithu, ndekhandekha, mlamu wanga ali m'ndende chifukwa cha ine. Ululuwo ubwere, udzandipeze ndili kwathu, inu muli pafupi.

Ndine wanu, wobwera,
Armindo